Mchira wa Diresi la Winifred

Olemekezeka a Khansala a dera lino la Kabwata, amene mwasiya misonkhano yanu yosatha ija kuti mudzakhale nafe masana ano;

Olemekezeka Mayi Muriel Kabamba, mkulu wa sukulu ino ya zosokasoka ya Singano ndi Ulusi, pamodzi ndi aphunzitsi anu onse;

Abusa athu, amene mwatitsegulira mwambowu ndi pemphero, ndipo ndikupempha kuti musapite patali, chifukwa ndikamaliza kulankhula mwina pafunika pemphero lina;

Makolo nonse, a ku Chelstone, a ku Chunga, anansi anga a ku Woodlands, ndi inu a ku Kabulonga amene mwatitsekera msewu ndi magalimoto anu;

Azimbuya anga Achibemba, amene mwambo umatilola kunyozana mwanthabwala, inu amene mwadzaza mipando yakutsogolo ngati holoyi munamanga ndinu, ndipo ndikudziwitsiretu kuti pa chakudya cha lero palibe nyama ya pusi;

Ana athu amene mwamaliza maphunziro a telala, eni ake a tsiku lino. Amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse.

Kwa amene simundidziwa, ndine Mabvuto Sakala, mphunzitsi wopuma pa ntchito, wa ku Katete mwa kubadwa, wa mu Lusaka muno mwa kukalamba. Mayi Kabamba atanditumizira uthenga wakuti chionetsero cha zovala cha chaka chino achitcha "Zakale Zabwerera", ndi kuti mlendo wolemekezeka ndikhale ine, sindinadzinamize kuti andiitanira nzeru. Anafunafuna mu mzinda monse chinthu chakale chimene chingadziyendere chokha mpaka pa nsanja, ndipo anapeza ine. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kanga kanabuntha kalekale, koma poti mwandipatsa mpata, mupirire, ndikumetani nako komweko.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Ndikuthokoza aphunzitsi, amene analandira ana osadziwa kulowetsa ulusi pa singano, lero akutibwezera anthu odziwa kudula nsalu osanjenjemera. Ndikuthokoza makolo, amene munapirira phokoso la makina pabalaza, ndi tizidutswa ta nsalu topezeka ngakhale mu shuga. Ndikuthokozanso makatani a m'nyumba zanu, amene ndamva kuti ambiri anafera pa ntchito ya sukulu ino, ndipo ena muwaona akuyenda pa nsanja pano posachedwa.

Ana inu, m'mawa uno ananditengera kuseri kukaona zimene mwasoka, ndipo kunena zoona mutu unandizungulira. Ndinaona mabuluku otambalala kumunsi, osesa msewu, amene ife tinkawatcha mabelibotomu. Ndinaona malaya a kolala yaikulu yofika m'mapewa. Ndinaona nsapato za gogoda zoti munthu akapunthwa amafunika makwerero kuti azivalenso. Ndinaona tsitsi la afulo ndi chipeso chobayidwa pakati, ndinaona suti ya safari, ndinaonanso majini otaya aja amene mwana wanga woyamba ankavala, oti munthu akuyenda dzanja limodzi lili pa lamba. Ndinafunsa mnyamata wina kuti, kodi zimenezi wazitenga kuti? Iye anandiyankha, chifuwa chili patsogolo: "Ba mudala, iyi ni sitayelo yanyowani, yabwela manje manje." Mwanawe, kulikonse kumene wakhala, ndikuuze kuti buluku lako lanyowani lija ndinalivala ine abambo ako asanamere mano.

Koma sindinabwere kudzaseka ana. Ndabwera kudzatsutsa bodza limodzi limene ife akuluakulu timalikonda, bodza limene timalinena patebulo, m'minibasi, ngakhale pa guwa, Abusa mundikhululukire. Timati: "Nthawi yathu ife tinkavala mwaulemu." Ndikuona amayi ena akugwedeza mitu kuvomereza. Gwedezani pang'onopang'ono, amayi, chifukwa ena a inu ndinakuonani ndi maso angawa m'zaka za m'ma 1970, ndipo maso anga panthawiyo anali akuthwa.

Ndiloleni ndikusimbireni nkhani ya diresi limodzi.

Nditangofika mu Lusaka kudzayamba uphunzitsi, ndinkakhala kwa amalume anga konkuno ku Kabwata. Masiku amenewo Loweruka masana kunkakhala magule a achinyamata mu holo ina m'tauni. Anyamata a magitala ankaimba mpaka malata kunjenjemera, dzuwa likamapendeka aliyense n'kumathamangira kwawo. Ine ndinkapita, nditavala belibotomu langa la matumba akuluakulu, koma kuvina ndinalibe nako mwayi. Miyendo yangayi inazolowera khasu, gitala sinkalimva. Ndiye ndinkangoima pakhomo, kutsamira khoma, n'kumagwedeza mutu ngati munthu womvetsa nyimbo.

Loweruka lina kunafika mtsikana atavala diresi la mtundu wa lalanje, la maluwa akuluakulu ofiirira, lalitali mpaka mu akakolo. Ndinati mumtima, uyu wasochera, amapita ku kwaya. Anaima pafupi nane, n'kuyang'ana uku ndi uku. Kenako anawerama, n'kugwira diresi lake cha m'maondo, ndipo ndinangomva kuti tha! tha! tha! Amayi ndi abambo, theka la diresi linatsala m'manja mwake. Mtsikanayo anali atasoka yekha diresi lija pa makina a amayi ake, lalifupi ndithu, lolekeza pamwamba pa maondo. Ndiye anasokanso nsalu ina yofanana nalo yolumikiza kumunsi, n'kuika timabatani tachitsulo todina kuzungulira mkati mwa mpendero. Pochoka pakhomo, pamaso pa abambo ake, diresi linali la kutchalitchi. Pofika pa holo, diresi linali la gule. Nsalu yochotsayo iye ankaitcha mchira.

Vuto linali limodzi. Diresi linalibe thumba, ndipo chikwama sakanatenga, chifukwa abambo ake akanafunsa kuti kwa azakhali n'kofunika chikwama chanji. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso ake n'kuima pa matumba anga.

"Iwe, suvina?"

Ndinati ayi, lero mwendo ukundipweteka.

"Ndiye gwila ichi. Usachoke apa. Ukataya, ine nafa."

Anapinda mchira uja, n'kundiika m'manja, n'kulowa. Sanandifunse dzina, ine sindinamufunse lake. Ndinaima pakhomo paja masana onse, dzanja lili m'thumba, ngakhale kukataya madzi sindinapite.

Mtsikanayo anali Winifred Chola, mwana wa Bambo Nicodemus Chola, mkulu wa mpingo wochokera ku Luapula, munthu woti akatsokomola pakhonde ana a mzere wonse wa nyumba ankakhala chete. Inde, azimbuya anga, ombani m'manja, anali wanu. Nzeru zoterezi kwathu ku Katete kulibe.

Loweruka lotsatira anandipezanso pakhomo pomwe paja, ndipo lotsatiralo chimodzimodzi. Anzanga anayamba kundiseka. Ankati Sakala ndi hang'ala, anthu amapachikapo zovala. Ndipo zinkandipweteka, chifukwa ndikasuzumira mkati ndinkaona Wini akuvina ndi anyamata odziwa kupotokola chiuno, a nsapato zonyezimira, ena ogwira ntchito ku banki. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina ndili chiimire ndinazindikira chinthu chimene anyamata a ku banki aja sanachiganize: Wini sakanatha kubwerera kwawo popanda mchira, ndipo mchira unali m'thumba mwanga. Ovina anavina, otuluka thukuta anatuluka thukuta, koma gitala likangoleka, womuperekeza kunyumba ndinali ine. Amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbo sindinkaidziwa, koma ndinali ndi matumba.

Tinkayenda wapansi kuchokera m'tauni, tikucheza. Tikafika pa mtengo wina wa jakaranda pafupi ndi kwawo, ine ndinkatembenuka kuyang'ana kumsewu, Abusa ndikunenetsa kuti ndinkatembenuka, kumbuyo kwanga n'kumamva tha! tha! tha! Ndikacheuka, ndinkapeza mwana wa mkulu wa mpingo, diresi mpaka mu akakolo. Bambo Chola anafika pondikonda. Ankauza anzawo kuti: "Uyu mwana wanga avala bwino, osati aba bana ba masiku ano. Na uyu tichala wamene amamupelekeza, ni muntu wa mutima umozi." Mulungu awasunge kumene aliko, anapita osadziwa chimene chinali m'thumba la tichala.

Tinakwatirana. Ana anabwera, thupi linasintha, diresi linalowa m'sutikesi. Koma mchira sunalowe nalo. Nditafuna kumubwezera tsiku lina, Wini anakana. Anati: "Sunga iwe. Siku yamene nizakupempha muchila, uzibe kuti nabwelela kwa batate." Ndinauika m'dirowa mwanga, pansi pa mipango. Tinakhala zaka zambiri, tinakangana monga amakanganira anthu onse, za ana, za achibale, za ine kuiwala kugula makala. Nthawi zina mkangano ukakula ndinkatsegula dirowa ija mwakachetechete kuona ngati mchira ulipo. Sanaupemphe ngakhale tsiku limodzi.

Zaka zingapo zapitazo Wini anatisiya.

Inu nonse mukudziwa mwambo wathu. Maliro akatha, achibale a malemu amasonkhana, amatulutsa masutikesi, n'kugawana zovala. Ndipo mukudziwanso kuti wofedwa sayankhula. Amakhala pansi, mutu woweramitsa, zinthu zikutuluka m'nyumba mwake iye ali duu. Ndinakhala pamphasa m'nyumba mwanga ku Woodlands, azilamu anga akutulutsa zitenje, maduku, mayunifolomu a chigwirizano cha amayi. Kenako wina anafika pansi penipeni pa sutikesi, n'kutukula diresi la lalanje lija m'mwamba. Nyumba yonse inaphulika ndi kuseka, pamaliro pomwepo. "Ichi ni chani, ni bulauzi? Ba Wini banavalako ichi?" Analiponyera mng'ono wa Wini, Keziah wa ku Chunga, amene ngakhale mkono wake umodzi sukanalowamo.

Pa katundu yense wa m'nyumba ija, chimene ndinkafuna ine chinali chimenecho basi. Akanatenga mipando, akanatenga firiji, akanazula ngakhale zitseko. Koma mwambo unanditseka pakamwa, ndipo ndinaliona diresi likutuluka pakhomo m'jumbo. Mchira wokha ndiwo unatsala, chifukwa unali m'dirowa ya mwamuna, ndipo m'dirowa ya mwamuna wamoyo salowamo.

Ndinadikira kuti nthawi ya chisoni ipite, kuopa kuoneka wopanda ulemu. Nditapita ku Chunga kukapempha, ndinapeza Keziah anasamukira kwawo ku Luapula, ndipo ana ake, posesa m'nyumba, anapereka zovala zonse zakale kwa mayi wina wogulitsa salaula ku City Market. Ndinapita ku City Market. Ine, mphunzitsi wamkulu wopuma, ndinagwada pa milu ya salaula, kufukula madiresi a akazi, amayi ogulitsa akundifunsa kuti, "Ba tate, ba mami bavala saizi bwanji?" Ndinabwererako kangapo mpaka maondo anandiletsa. Ndinalira diresi lija ngati ndafedwa kachiwiri, ndipo sindikuchita manyazi kunena zimenezi pamaso panu.

Tsopano pukutani maso, chifukwa nkhani ikupita kwina.

Chaka chino, nthawi yozizira, ndinapita ku Northmead kukagula mankhwala a maondo omwewa. Ndikutuluka m'sitolo, ndinaona diresi la Wini likuwoloka msewu. Lomwe lija, la lalanje, maluwa ofiirira, lolekeza pamwamba pa maondo. Pamwamba pake panali tsitsi la afulo, pansi pake nsapato za gogoda. Ndinaiwala ndodo, ndinaiwala maondo, ndinaiwala kuti ndine munthu wolemekezeka ku mpingo. Ndinayamba kulitsata.

Amayi ndi abambo, mukudziwa mmene Lusaka amaonera nkhalamba ya imvi ikuthamangira mtsikana wa diresi lalifupi. Anyamata oitanira minibasi sanachedwe. "Ba mudala, ah ah! Siyani bana! Mendo yakana kalekale, koma menso yakali yasebenza!" Mayi wina wogulitsa nthochi anaomba m'manja n'kunena kuti dziko latha. Ine osamva, ndili pambuyo, wefuwefu. Galu wamkota sakandira pachabe, koma pa Northmead tsiku limenelo palibe amene anakumbukira mwambi umenewu.

Mtsikanayo anaima, n'kutembenuka, manja m'chiuno, n'kunditcha agogo m'Chibemba.

"Ba shikulu, shani? Mwanikonka kuchoka pa shopu paja. Mufuna chani?"

Ndinati, mwanawe, sindikutsata iwe, ndikutsata diresi.

"Ndiye vamene bakamba bonse."

Apo ndinaona kuti ndikapanda kufulumira ndigona ku polisi. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, manja m'mwamba, n'kunena kuti: usandionetse chilichonse, ingogwira wekha mkati mwa mpendero ndi zala zako. Upezamo timabatani tachitsulo kuzungulira diresi lonse, ndipo sudziwa ntchito yake.

Nkhope yake inasintha. "Mwaziba bwanji? Ku sukulu tinakangana maningi, palibe wamene aziba nchito yake."

Mtsikana ameneyo ndi Yande Mpundu, mmodzi mwa ana amene akumaliza maphunziro lero. Yande, uli kuseri kwa katani uko, ndikudziwa ukundimva. Analipeza diresi lija pansi pa mulu wa salaula ku City Market, pamene ine ndinafukula n'kulephera. Tinakhala pa benchi pakhonde la sitolo, ndinamusimbira za holo ya m'tauni, za Bambo Chola, za mtengo wa jakaranda. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako anandifunsa: "Nanga muchila uli kuti manje?" Ine ndinangoti, aa, zakale izo, mwanawe. Ndinachita mantha. Ndinaganiza kuti mwana uyu ali kale ndi diresi, akadziwa za mchira adzaufunanso, ine ndidzatsala ndi chiyani?

M'malo mwake ndinamupempha kuti andigulitse diresi. Anakana, mwaulemu koma mouma, Chibemba chake chenicheni. "Awe, ba shikulu, siningagulise. Vovala vonse vamene nisoka va shoo yathu nivichosa pali iyi dilesi. Elo niikonda." Ndinayesa njira ina. Ndinati, kodi amayi ako amalola kuti uziyenda chonchi? Anayang'ana kumbali. "Ba mami sibaziba. Nimachoka pa nyumba ku Chelstone na chitenge pamwamba. Nikakwela basi nachosa, nafaka mu chikwama."

Mayi Charlotte Mpundu, ndakuonani, muli pa mzere wachitatu, ndipo ndikuona mwatsegula pakamwa. Tsekani kaye, amayi, mundidikire, ndifika kwa inu. Mwana wanu anandipatsa chilolezo chonena zimenezi, ati kuli bwino mumvere pagulu pomwe pali Abusa ndi a Khansala.

Pa benchi paja ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa pamene misozi ya kuseka inathera ndi pamene ina inayambira. Zaka zonsezi zapita, Lusaka wamera nyumba zosanja ndi misewu yodutsa pamwamba, koma diresi lomwe lija likuzembabe makolo pa geti. Ndiye wina adzandiuze kuti ana a masiku ano ndi ena, ife tinali ena.

Kuchokera tsiku limenelo Yande anandikokera ku sukulu ino kuti ndizidzauza anzake mmene tinkavalira, ndipo ndi mmene Mayi Kabamba anandidziwira. Koma nthawi zonse ndikabwera, maso anga ankafunafuna chinthu chimodzi. Mwana uyu anaona. Sabata yatha, atabwera kunyumba kudzandiuza za mwambo uno, anakhala pampando wa Wini osadziwa, n'kunena kuti: "Ba shikulu, naganizapo. Shoo ikasila nizakubwezelani dilesi ya ba Wini. Ni yanu. Musanipase kantu."

Ndinasangalala ngati mwana. Ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, kuipukuta, kuyala pepala pansi, kugula ndi mankhwala a njenjete omwe. Lero lino ndinadzuka ndikudziwa kuti madzulo ano diresi ligona kwawo.

Koma m'mawa muja, atanditengera kuseri, ndinapeza ana akuyeserera kayendedwe. Anaika nyimbo ya magitala, yofanana ndi za nthawi yathu, ndipo Yande anatulukira atavala diresi lija. Pofika kumapeto kwa nsanja anatembenuka mofulumira, diresi n'kuzungulira naye, maluwa aja n'kutambasuka. Ndinali nditaiwala kuti limatero. Zaka zonse zimene linakhala m'sutikesi ndinkaliona lopinda, ndipo ndinaiwala kuti Wini analidula mwadala kuti lizizungulira.

Ndinakhala pansi n'kudzifunsa: Sakala, ukalitenga ukalichita chiyani? Ukalipinda, ukalithira mankhwala a njenjete, ukatseka sutikesi. Ndipo tsiku lako likadzafika, pakuti silili patali, abale ako a ku Katete adzabwera kudzagawana zovala zako. Adzatenga masuti, adzatenga nsapato, kenako wina adzafika pansi pa sutikesi, adzatukula kadiresi ka lalanje m'mwamba n'kunena kuti, "Taonani, mdala uja anali ndi chibwenzi!" Ndipo ine ndidzakhala duu kachiwiri, osatha kuyankha. Ayi. Diresi limeneli analiseka kamodzi pamaliro, n'kokwanira.

Yande, tuluka, mwana wanga. Bwera kuno kutsogolo. Musiyeni adutse. Taonani, amayi ndi abambo, ndi limenelo. Mayi Mpundu, pumani bwino, Abusa ali pafupi.

Mwanawe, pa benchi paja unandifunsa funso, ndipo ndinakuyankha mozemba. Yankho lake lili m'thumba muno. Jekete ili ndi la masiku ano, matumba ake ndi aang'ono, koma wakwanamo. Nawu. Uwu ndiwo mchira. Wasuluka pang'ono m'mopinda, koma timabatani take tonse tilipo, ndinkatipukuta. Ndimati ndikaulumikize ndekha kunyumba chitseko chotseka. Koma mwini wake anandipatsa kuti ndisunge pamene iye akuvina, ndipo ndasunga. Sanaupemphe, ndiye kuti kwa abambo ake sanabwerere. Ntchito yanga yatha. Diresi sinditenga. Tenga mchira ndiwe.

Usalire, uwononga zopakapaka zako, ndipo ukalira iwe ine sinditha kumaliza. Ulumikize pomwepo, anthu amve. Ine nditembenuka kuyang'ana kukhoma monga mwa chizolowezi.

Mwamva? Tha, tha, tha. Ndi momwemo. Ndi momwemo ndithu.

Mayi Mpundu, tsopano ndafika kwa inu. Taonani mwana wanu, diresi mpaka mu akakolo. Mawa akhoza kukhala nalo pa benchi yakutsogolo kutchalitchi, ndipo palibe mayi wa chigwirizano amene angatsokomole. Zimene lizichita likakwera minibasi, ine sindikulonjezani kanthu. Koma ndikupatsani nzeru imodzi imene Bambo Chola analibe wowauza. Musataye nthawi kuyang'ana anyamata amene mwana wanu akuvina nawo, amenewo ndi ongodutsa. Diresi ili lilibe thumba. Tsiku lina adzafuna womusungira mchira, ndipo mukadzaona mnyamata ataima pakhomo ngati chitsiru, osavina, dzanja lili m'thumba, ameneyo mumufunse kwawo, mumuphikirenso tiyi.

Kwa inu nonse ana amene mukumaliza lero: pitani mukafukule masutikesi a makolo anu, ndipo chimene simukuchimvetsa pa chovala mufunse eni ake akadali moyo. Akayamba kunena kuti iwo ankavala mwaulemu, muwagwire mpendero. Ndipo kwa inu anzanga a imvi, tsegulani masutikesi amenewo lero, mupereke ndi manja anu pakamwa pakadali potsegula, musadikire tsiku logawana pamene mwini wake sayankhula.

Olemekezeka a Khansala, Mayi Kabamba, Abusa, makolo, ndi inu azimbuya anga amene lero ndakubwezerani katundu wanu: ndi mphamvu zimene mwandibwereka masana ano, ndiponso m'dzina la Winifred Chola Sakala, telala woyamba amene ndinamudziwa, ndikulengeza kuti chionetsero cha "Zakale Zabwerera" chatsegulidwa tsopano.

Anyamata a nyimbo, ikani ya magitala ija. Yande, chotsa mchira, diresi likavine. Ngati ulibe pouika, ine ndili pompano pakhomo, sindivina.

Zikomo kwambiri.